Amene amaphunzitsa maloya amasankhidwa bwanji?

Mwana wa achemwali anga atamaliza digiri ya zamalamulo, tinamukonzera phwando kumudzi kwathu, chakuno ku Kamwendo. Mbuzi inagwa, thobwa linadzaza m'mitsuko, amayi anavina chimtali mpaka dzuwa kupendeka. Nkhani inasintha madzulo, mtsikanayo atanena kuti mtima wake suli pa kutsegula ofesi ya uloya, koma akufuna kubwerera ku yunivesite kukaphunzitsa. Achimwene anga aakulu, omwe ndiwo eni mbumba, anaika chikho pansi.

"Iwe, loya wathunthu ukagwirenso choko? Nanga sukulu ija sunamalize?"

"Ndamaliza imodzi, amalume. Kuti andilole kuima kutsogolo kwa kalasi, zatsala ziwiri."

Kudabwa kwa achimwene kuja n'kwa anthu ambiri kuno ku Mchinji. Loya timamudziwa, jaji timamumva pa wailesi, majisitireti timakumana naye paboma mlandu ukatigwera. Koma munthu amene anaphunzitsa onsewa sitimuona, ndipo sitifunsa kuti anamulemba ntchito ndani, atamuyesa ndi muyeso wanji. Chonsecho mlandu wa munda wa ku Mkanda umene udzazengedwe zaka 15 zikubwerazi, mbali ina ukugamulidwa lero, m'chipinda momwe akuluakulu ochepa akhala pansi kusankha mphunzitsi watsopano wa zamalamulo. Zimene mphunzitsi ameneyo adzanene kuti n'zofunika, majisitireti wa mawa adzazitenga kuti n'zofunika. Zimene adzazilumphe, naye adzazilumpha.

Kwathu kuno nkhaniyi imalemera kwambiri chifukwa chitsime chinali chimodzi kwa nthawi yaitali. Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa mu 1964. Maphunziro a zamalamulo anayambira ku Mpemba, kunja kwa Blantyre, ndipo mu 1973 anasamukira ku Chancellor College ku Zomba. Kwa zaka zambirimbiri aliyense wofuna digiri ya zamalamulo m'dziko muno ankadutsa pamenepo, kutanthauza kuti kagulu kochepa ka aphunzitsi ndiko kanaumba majaji, maloya a boma ndi maloya oima paokha ambiri amene tili nawo. Lero sukulu zawonjezereka, mwachitsanzo Catholic University ku Nguludi nayo imaphunzitsa malamulo. Sukulu zikachuluka, aphunzitsi amafunika ambiri, ndipo chiyeso cholemba aliyense wovala suti chimakula. N'chifukwa chake pali alonda awiri. Bungwe la National Council for Higher Education, lomwe linabwera ndi lamulo la mu 2011, limayang'anira sukulu zonse zaukachenjede, kuphatikizapo maphunziro a aphunzitsi ake. Ndipo bungwe la Council of Legal Education limaona ngati sukulu ya zamalamulo ikuphunzitsa zoti omaliza ake angaloledwe kukhala maloya.

Makwerero a mapepala

Pansi penipeni pa makwererowa pali wachinyamata amene wangomaliza digiri yoyamba, ya LLB, ndipo wakhoza mwapamwamba. Ameneyu yunivesite imatha kumutenga ngati wophunzira ntchito, azithandiza akuluakulu kuchonga ndi kukambirana ndi ophunzira m'timagulu, uku akufunafuna mwayi wokapitiriza maphunziro. Digiri ya zamalamulo imatuluka ndi giredi, ndipo amene anangopulumukira pakhomo asayembekezere kuitanidwa. Giredi ya digiri yoyambayi imamutsatira munthu mpaka kutali. Ngakhale atadzatenga madigiri ena pambuyo pake, olemba ntchito amafunabe kuona pepala loonetsa mmene anakhozera phunziro lililonse ali mwana.

Kuti munthu atchedwe lekichala weniweni pamafunika digiri yachiwiri, ya LLM, ija anthu amati masitazi. Mfundo yake njosavuta kumva: wophunzitsa azikhala sitepe imodzi pamwamba pa amene akuwaphunzitsa. Pa masitazi m'pamene munthu amasankha munda wake wolima, kaya ndi malamulo a zamalonda, a ufulu wa anthu, a malo, a misonkho kapena a milandu yaupandu. Pamwamba pake pali digiri ya udokotala, PhD kapena LLD, imene imatenga zaka zitatu kapena kuposa, munthu akukumba funso limodzi lokha mpaka atalemba buku lathunthu loti akatswiri a kunja kwa sukulu yake aliunike. Izi ndi sukulu ziwiri zija ankanena mwana wa achemwali.

Apa ndipatuke pang'ono, chifukwa anthu timasokoneza. Udokotala wapaulemu, uja amapatsa munthu pomuthokoza pa ntchito yabwino, ndi mphatso chabe. Pa tebulo lolembera aphunzitsi suwerengedwa. Chimodzimodzinso madigiri ogula pa intaneti ku sukulu zopanda pogwira. Digiri yakunja imayenera kutsimikizidwa kuti inachokera ku sukulu yovomerezeka ndipo ikufanana ndi yathu.

Kumene digiriyo yachokera kuli ndi kanthu kenanso, ndipo ife a m'malire tingamvetse msanga. Boma la Mchinji lagundana ndi mayiko awiri. Mukadutsa pa Mwami kulowa Chipata, mupeza malamulo a mtundu umodzi ndi athu, ochokera ku England, momwe chigamulo cha khoti lalikulu chimasanduka chitsanzo chomanga makhoti aang'ono. Ife tinalandira malamulo a ku England monga analili pa 11 Ogasiti 1902, ndipo tsiku limeneli wophunzira aliyense wa chaka choyamba amaliloweza. Koma mukalowera ku Mozambique mupeza dongosolo lina, lochokera ku Portugal, lomwe limadalira kwambiri mabuku aakulu a malamulo olembedwa ndime ndi ndime kusiyana ndi zigamulo zakale. Ku South Africa n'kosakaniza. Katswiri wochokera ku Maputo angatithandize kwambiri pa malamulo a pakati pa mayiko, koma kuti aphunzitse malamulo a umboni m'khoti la ku Malawi, ayenera kuyamba waphunziranso yekha.

Kalembedwe ka ntchito kenikeni sikachilendo. Sukulu imalengeza mu nyuzipepala, ofuna ntchito amatumiza kalata, mbiri ya maphunziro ndi ntchito, makope a satifiketi otsimikizidwa, ndi maina a anthu owachitira umboni. Akasefa, otsalawo amaitanidwa ku intavyu, ndipo m'sukulu zosamala amawauza kuti aphunzitse phunziro lalifupi pamaso pa komiti. Wopambana amayamba ndi nthawi yoyesedwa. Kuchoka pamenepo kukwera mpaka upulofesa sikudalira zaka zimene wakhala pa mpando, koma zimene walemba ndi kusindikiza m'magazini a akatswiri, momwe nkhani isanatuluke imayamba yaperekedwa kwa akatswiri ena osadziwa mwini wake kuti aipeze zifukwa.

Wa m'khoti kapena wa m'mabuku

Mkangano waukulu pa nkhani yonseyi ndi wakale, ndipo sunathe. Kodi wophunzitsa malamulo akhale munthu amene waima m'khoti zaka zambiri, kapena katswiri wa mabuku ndi kafukufuku?

Kale maloya ankaphunzira ntchito ngati mmisiri wa matabwa, kukhala pambali pa wodziwa n'kumaonera. Ku America zinthu zinatembenuka pa yunivesite ya Harvard, Christopher Langdell atakhala mkulu wa sukulu ya zamalamulo mu 1870. Iye ankakhulupirira kuti malamulo amaphunziridwa powerenga zigamulo za makhoti n'kumazisenda mpaka mfundo yake ioneke. Mu 1873 sukuluyo inalemba ntchito James Barr Ames, mnyamata amene anali atangomaliza kumene maphunziro ndipo analibe mbiri ya uloya. Maloya achikulire anaipidwa nazo. Koma njira imeneyo ndiyo inapambana, ndipo lero ku America ofuna uphunzitsi wa zamalamulo amapikisana ndi zolemba zawo. Ambiri amakhala atathandizirapo jaji wamkulu, atakhalapo chaka kapena ziwiri pa sukulu ina akulemba, ndipo ochuluka mwa olembedwa ntchito amachokera ku sukulu zochepa zotchuka monga Yale ndi Harvard. Ku Britain nako masiku ano n'kovuta kulowa popanda PhD.

Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. Loya wa m'khoti amadziwa zimene mabuku salemba: mmene mboni yamantha imafunsidwira, mmene belo imapemphedwera Lachisanu masana, mmene fayilo imayendera kuchoka ku polisi kufika pa tebulo la majisitireti. Koma kudziwa kuchita si kudziwa kuphunzitsa, ndipo loya wotanganidwa amaphunzitsa mmene zinthu zimachitikira, osafunsa ngati zikuchitika bwino. Katswiri wa kafukufuku ndiye ali ndi nthawi yowerenga zigamulo 50 za nkhani imodzi n'kuona kuti majaji akutsutsana okhaokha. Vuto lake n'lakuti akhoza kufika pa upulofesa asanalankhulepo ndi munthu wogona m'chitokosi.

Lamulo latsopano la maphunziro a zamalamulo ndi maloya, lomwe linalowa m'malo mwa lakale la mu 1965, linayesa kugawa katunduyu pokhazikitsa Malawi Institute of Legal Education, yoti izisula omaliza digiri pa ntchito yeniyeni ya uloya asanakaime pamaso pa Jaji Wamkulu kupempha chilolezo. Kumeneko n'koyenera kuti aphunzitsi akhale maloya ndi majaji odziwa khoti. Izi zikusiyira yunivesite udindo umene palibe wina angaugwire, wofufuza ndi kulemba malamulo athu. Ndipo apa m'pamene ine ndikuona kuti muyeso wathu umapendekeka.

Taganizani milandu imene imadzaza mabwalo kuno. Mwamuna wakhala pa chikamwini zaka 20, wabzala mitengo, wamanga nyumba ya malata, mkazi wamwalira, abale akuti bwerera kwanu. Mkazi anatengedwa chitengwa, mwamuna wamwalira, alamu ake akufuna munda. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 linati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, koma munda wa makolo uli ndi mwambo wake, ndipo malire a ziwirizi ndi pamene anthu amalirira. Lamulo la malo a makolo la mu 2016 linabweretsa makomiti a malo otsogozedwa ndi agulupu, okhala ndi anthu ena asanu ndi mmodzi osankhidwa, osachepera atatu mwa iwo amayi, komanso mwayi wolembetsa malo. Nanga pa chikamwini alembetse ndani, mkazi, mwamuna, kapena mwini mbumba? M'maesiteti a fodya a kuno ndi ku Kasungu, utenanti unathetsedwa ndi lamulo mu 2021, koma amene anali matenanti akugwira ntchito pa mgwirizano wotani lero? Mafunso amenewa sungawapeze m'buku losindikizidwa ku London. Ayenera kufufuzidwa kuno, ndi munthu wokhoza kukhala pa bwalo la mfumu tsiku lonse, kumva Chichewa cha akuluakulu ndi mikuluwiko yawo, kenako n'kukachilumikiza ndi ndime za malamulo ndi zigamulo za Khoti Lalikulu.

Koma wachinyamata wofuna kukwezedwa amadziwa kumene mapointi ali. Nkhani yotuluka m'magazini yakunja imalemera kuposa buku lophunzitsira la malamulo a malo a ku Malawi, chonsecho bukulo lingatenge zaka zambiri kulilemba ndipo lingagwiritsidwe ntchito ndi majisitireti aliyense m'dziko muno. Magazini akunja nawo amakonda mitu imene dziko lonse likukambirana. Mapeto ake tili ndi akatswiri abwino kwambiri pa za ufulu wa anthu ndi malamulo oyendetsera dziko, zimene n'zonyaditsa, koma pa maphunziro ena ophunzira athu akudalirabe mabuku ofotokoza malamulo a ku England, n'kumachita kufunafuna okha pamene athu akusiyana nawo. Zigamulo zambiri tsopano zikupezeka pa intaneti kudzera pa tsamba la MalawiLII, koma mulu wa zigamulo suli buku. Pamafunika wina woziwerenga, kuzisanja ndi kunena poyera kuti apa khoti linalakwitsa.

Ndikanakhala pa tebulo la intavyu, nditaona mapepala onse kuti ali bwino, ndikanafunsa funso limodzi: "Ndi nkhani iti ya malamulo a dziko lino imene palibe anailemba, yomwe inu mukufuna kuilemba?" Ndikanapemphanso kuti afotokoze mfundo imodzi ya malamulo m'chiyankhulo cha kwawo, kaya Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao. Makhoti athu amayendera Chingerezi, womasulira ali pambali, koma woimbidwa mlandu amaganiza ndi kulira m'chiyankhulo chake. Mphunzitsi amene sangathe kufotokozera agogo ake kusiyana kwa kupha mwadala ndi kupha mosakonzekera, ndikukayika ngati wakumvetsa bwino iye mwini.

Wina asandimve molakwa, ngati ndikunena kuti mwambo ulowe m'malo mwa sukulu. Ife a kuno tili ndi chifukwa chokumbukira kuopsa kwa zimenezo. Pa 24 Disembala 1981, kumalire athu ano ndi Zambia, chakufupi ndi Chipata, anagwidwa a Orton Chirwa ndi akazi awo a Vera Chirwa. A Orton anali nduna yoyamba ya zachilungamo m'dziko muno. A Vera ndiwo mayi woyamba wa ku Malawi kukhala loya, ndipo ankaphunzitsa malamulo pa University of Zambia. Anthu awiri odziwa malamulo chotere anazengedwa mlandu woukira boma m'khoti la makolo, momwe loya sankaloledwa kuimira munthu, ndipo mu 1983 anagamulidwa kuti aphedwe. Chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse. A Orton anamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992, a Vera anatuluka mu 1993. Dzina la mwambo linagwiritsidwa ntchito kuthawa malamulo a umboni. Choncho mphunzitsi amene ndikumufunayu ndi wodziwa mwambo ndi malamulo olembedwa zonse pamodzi, wotha kuona pamene mwambo ukuteteza mbumba ndi pamene ukungobisa dyera la munthu.

Chimene satifiketi sionetsa

Nkhani ya a Chirwa ikutifikitsa pa chinthu china chimene komiti singachione pa pepala, kulimba mtima. Mphunzitsi wa zamalamulo ntchito yake imamufikitsa pa kunena kuti boma laphwanya lamulo, kapena kuti jaji wagamula molakwa, ndipo amanena zimenezi pamaso pa ana a eni ake. Malamulo oyendetsera dziko a mu 1994, pa ndime 33, amateteza ufulu wa kuphunzitsa ndi kufufuza mosaopsezedwa. Ndime imeneyi inayesedwa mu 2011, mkulu wa apolisi ataitanitsa Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa zandale ku Chancellor College, kukamufunsa pa zimene ananena m'kalasi. Aphunzitsi anasiya kuphunzitsa kwa miyezi yambiri, ndipo mwa anayi amene anachotsedwa ntchito, asanabwezeretsedwe chaka chomwecho, munali Garton Kamchedzera wa zamalamulo. Ophunzira a nthawi imeneyo anataya miyezi, n'zoona, koma anaonanso ndi maso mmene ndime ya malamulo imatetezedwera. Pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanu anafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha mu 2019. Mtima woweruza mlandu wotero munthu saupeza tsiku la chigamulo, amakhala anauona kwa wina ali pa benchi ya sukulu.

N'chifukwa chake kulemba ntchito mokondera n'koopsa kwambiri pa sukulu ya zamalamulo. Wolowa chifukwa cha chibale, chipani kapena dera lochokera amalowa ali ndi ngongole, ndipo wangongole sadzudzula. Malamulo athu amaletsa tsankho polemba ntchito, ndipo lamulo loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amayi ndi abambo la mu 2013 limati m'ntchito za boma mbali imodzi isapitirire 60 pa 100 aliwonse, ina isachepere 40. Pa sukulu ya zamalamulo izi si za chiwerengero chokha. Kalasi yokambirana za kugwiririra, za ukwati wa ana kapena za chuma cha masiye imayenda mosiyana ngati mwa aphunzitsi ake muli amayi.

Ndiye pali vuto la kusunga amene wapezeka. Munthu wa giredi yapamwamba amene yunivesite ikumufuna, akumufunanso mabanki, makampani a maloya ndi mabungwe akunja, ndipo iwo matumba awo ndi akuya. Wotumizidwa kunja kukatenga PhD amaonedwa ndi sukulu za kumeneko. A Peter Mutharika, asanalowe ndale za kuno, anaphunzitsa malamulo zaka zoposa 30 pa Washington University ku St. Louis, ku America, atatenga madigiri ku London ndi ku Yale. A Danwood Chirwa, amene digiri yoyamba anatengera ku Zomba, anafika pokhala mkulu wa sukulu ya zamalamulo pa University of Cape Town. Izi zikuonetsa kuti mbewu yathu ndi yabwino, koma zokolola zake zambiri zadyedwa kwina. Otsala kuno nthawi zambiri amagwira ziwiri, kalasi m'mawa, ofesi ya uloya kapena ganyu ya kafukufuku wa mabungwe masana. Sindiwaweruza, ana awo nawo amafuna fizi. Koma chimene chimayamba kufa ndi buku lija lofuna zaka zambiri za bata. Sukulu zina zimatseka mpata ndi aphunzitsi aganyu, maloya ndi majaji obwera maola ochepa pa sabata. Amathandiza ndithu, makamaka pa maphunziro a kayendetsedwe ka milandu. Koma mlandu wake ukaitanidwa tsiku la kalasi, kalasi ndiyo imadikira, ndipo wophunzira wofuna malangizo pa kafukufuku wake samupeza pa ofesi. Sukulu yolengeza maina akuluakulu pa chikwangwani, makolo aifunse kuti mwa amenewo ndi angati amakhala pomwepo sabata yonse.

Zonsezi tinakambirana usiku uja mpaka nkhuni zinatha. Achimwene sanagonje msanga. Anafunsa za malipiro, anafunsa kuti zaka zonsezo adzadya chiyani, anafunsanso ngati akapita kunja adzabwerere. Mtsikanayo sanalonjeze zambiri. Anangoti panopa akulemba makalata ofunsira malo a masitazi, ndipo mutu umene akufuna kufufuza ndi wa amuna a pa chikamwini ndi kulembetsa malo.

Achimwene anakhala chete kanthawi. Iwo eni anakhala pa chikamwini zaka zambiri kwa Mavwere, ndipo mitengo ya mango imene anabzala kumeneko akudya ndi ena. Kenako anati Loweruka likubwerali kuli mlandu wa malire kwa agulupu, ndipo ngati akufunadi kumva mmene nkhani zotere zimakambidwira, adzuke m'mamawa, atenge kope ndi cholembera, avale chitenje, apitire limodzi.